Zimene Ejenti Sanakuuzeni

Lowani, musavule nsapato,
simenti iyi yaona matope a zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Ejenti wakuuzani za zipinda zitatu,
za matailosi, za mpanda wa njerwa zootcha,
wati Phiri la Kasungu limaonekera pa windo la kuchipinda.
Sananame. Koma ndi mwana wa dzulo,
sanagonepo muno.

Madzi amabwera usiku, cha m'ma thuu koloko.
Mpope umayamba ndi kutsokomola,
kenako umalavula dzimbiri,
kenako madzi.
Muzitchera ndowa musanagone.
Mudzazolowera kugona khutu limodzi lili panja.

Nyengo ya fodya, malole opita ku Chinkhoma
amanjenjemeretsa magalasi mpaka mbandakucha.
Mu Okutobala fumbi silidziwa geti,
limalowa osaodira, n'kukhala pa sofa.
Mu Januwale ngalande yakuseri imasefukira,
ndipo pakhonde pali lata limodzi lodontha.
Malemu ankati alikonza Loweruka.

Kumanzereku kuli a Kamphinda.
Moni wawo ndi hutala.
Ndinayamba kudziwa dzina la galu wawo, Samalani,
zaka zinayi ndisanadziwe la mwini wake.
Mango awo, tsinde lili kwawo, nthambi zili kwathu.
Sitinakambiranepo,
koma logwera kuno ndi lathu,
ndipo iwo sanabwerepo ndi nkhwangwa.

Ine ndinachokera ku Chankhanga,
kumene mchere umayenda khomo ndi khomo
ndipo mwana akalira amatonthozedwa ndi aliyense.
Kuno kumayadi mchere sapemphana.
Chaka choyamba ndinkaima pa mpandapa masana
kumvetsera mbale za anzanga zikugundana kuseri,
ngati munthu womvera wailesi ya eni.
Inu mayi, ndakuonani mukuyang'ana mabotolo osweka pamwamba pa khomalo.
Amaletsa akuba, inde.
Amaletsanso nkhani.

Koma usiku umene bambo a Lonjezo anandisiya,
tambala asanalire, geti linagogoda.
A Kamphinda, pikapu yodzaza nkhuni,
maso ali pansi, chipewa m'manja.
Mayi Nyirongo a kutsidya kwa msewu anabwera ndi mabenchi a kutchalitchi kwawo.
Amayi ena, amene mpaka lero sindiwadziwa dzina,
anasesa bwalo lonseli, n'kuphika, n'kutsuka.
Mageti onse a mzere uno anakhala chitsegukire masiku atatu.
Titabwera kumanda anatsekedwanso, phaa,
hutala n'kuyambiranso.
Kungoti tsopano ndikudziwa zimene zili kuseri kwake.

Zimenezo sizilembedwa pa chikalata cha malo.
Chikalatacho chilipo, muchiwerenge bwino,
mukaone mabikoni onse anayi ndi maso anu,
lina linakwiririka pansi pa nthochi.
Musathamangire kusaina chifukwa cha penti,
penti ndi wa mwezi watha.

Bwerani kuno kukhitchini.
Mizere ya pensulo pa felemuyi ndi misinkhu ya ana:
uwu Lonjezo ali sitandade wani,
uwu Tiyamike chaka chimene anathyoka mkono pa njinga.
Wopenta ndinamuuza kuti apalambalale.
Inu mukhoza kufufuta, nyumba ikakhala yanu.
Ndaona mmene mukuyendera, mayi,
pensulo mudzaifuna posachedwa.

Za mtengo mukambe ndi ejentiyo,
ine pakamwa panga sipatha kutchula.
Ndikupita kwa mwana wanga ku Mtunthama,
akuti masitepe a pakhondewa andikulira.
Mapeyala awo kuseriko ayamba kubereka chaka chamawa.
Lina mudzaponyere a Kamphinda,
sadzanena kanthu, koma adzalandira.

Kiyi wa geti ndi uyu.
Safuna mphamvu.
Mukankhire m'mwamba pang'ono,
mudikire,
kenako mupotokole.