Malata Makumi Atatu

Kalata yafika: anditenga, digiri yachiwiri.
Ndaiwerengera pa mlatho,
akabaza akundiimbira belu kuti ndipatuke.

Fizi yake ndi malata makumi atatu
amene Asiyatu wakhala akugula limodzilimodzi,
kuphatikiza njinga yamoto,
kuphatikiza zaka ziwiri za mwana amene sanayambe n'kukwawa komwe.

Twaibu tinkakhala benchi limodzi ku Namwera.
Anathawa masamu, nalowera ku Joni.
Lero nyumba yake kwa M'baluku ili ndi geti.
Akandiona amati, "Aphunzitsi, mapepala aja sanakwanebe?"

Sindimuyankha.
Koma pali funso la dothi la ku Katuli,
chifukwa chake chimanga chimachita chikasu chisanamasule.
Limandilira m'khutu usiku ngati udzudzu.

Kalata ndaipinda kanayi,
ili m'thumba la malaya, yanyowa ndi thukuta.
Mvula ili pafupi.
Denga ndi lomwe lija.