Loweruka ku Chichiri

Tatsika minibasi pa Chichiri,
Zaithwa nsapato imodzi ili m'manja,
Nthambi kumsana kwa mayi ake
akunyambita shuga wa mandasi kuzala.

Sitima yakale yagona pabwalo,
njanji yake inathera mu udzu.
Zaithwa wakwera kale.
"Limbe! Limbe! Awiri inyamuke!"
Ndamulipira ndi tsamba la mango,
chenji sanandipatse.

M'kati mukuzizira, mukununkhira polishi.
"Osagwira," watero mlonda,
manja abisala kumbuyo,
koma mphuno sinamve,
yasiya nkhungu pagalasi.

Makasu adzimbiri, mikondo,
ndalama zobowola pakati.
Kenaka ayironi ya makala.
"Amayi, atibera!"
Anthu acheuka. Mkazi wanga waseka mpaka misozi:
dzulo lomweli, magetsi atathima,
ndi yotereyi inawongola malaya ndavalawa.

Pakona pali unyolo,
wakuda, wolemera, wa mphete ya m'khosi.
"Ababa, galu wake anali wamkulu bwanji?"
Ndawerenga kachikwangwani kawiri konse.
Ndatsegula pakamwa, mawu akana.
Ndangomukonza kolala,
chala changa n'kuchedwa pakhosi pake pofunda.
"Sanali galu."
Wadikira.
Nthambi wadzuka ndi kulira
ndipo ndathokoza chamumtima.

Panja tagawana chinangwa chowotcha,
botolo limodzi la sobo, pakamwa panayi.
Phiri la Soche lafunda mtambo.

Pobwerera, dzuwa litapendeka,
minibasi ikudumpha maenje a ku Bangwe,
ndimayesa wagona pamiyendo panga.
"Ndiye anali ndani, ababa?"