Mpendero Wosatha

Makina anali kulira bwinobwino pakhonde paja ku Kawale,
a Mkwapatira akupenda diresi la mkwatibwi wa Loweruka,
ine pambali ndi mabatani, chaka changa chachiwiri cha kuphunzira.
Kenaka phazi linaterereka pa chopondera.
Sizasi inagwa pasimenti, ngwe!
Dzanja lamanja lili lende
ngati mkono wa jekete yopachika pa msomali.

"Abwana?"
Anandiyang'ana. Theka la nkhope linali lawo,
theka linalo litatsetsereka ngati kolala yosokedwa usiku.
Ndikhulupirira ankafuna kunena kuti ulusi,
koma mawu anatuluka opotana, opanda mutu woti n'kugwira.

Anthu sachedwa.
Mayi wa zitumbuwa anabwera ndi madzi m'kapu.
Wometa anati agone kaye, nyengo ya maukwati imatopetsa.
Wina ananong'ona: imeneyi ndi hamala,
telala wa kutsidyayu siwawaonera kukondwa.
Wina n'kuti akusaka nambala ya abusa.

Ine ndinakumbukira a Nangondo, anesi aja
tinawachepetsera yunifolomu mwezi wa Meyi.
Ataima ngati mtengo, mapini ali m'chiuno, anati:
pakamwa pakapotoka, mkono ukalefuka, mawu akasokonekera,
musamwetse kanthu, angatsamwe;
musadikire kuti kuche,
ubongo umatha ngati nsalu yagwira moto wa ayironi.
Ndipo yang'ana nthawi, mwana iwe, adzakufunsa.

Ndinayang'ana. Teni koloko itapitirira ndi mphindi zisanu.
Ndinailemba ndi choko chosokera pa mkono wanga.
Kapu ija ndinaikankha, mayi aja sanandilankhulenso mpaka Khirisimasi.

Pikapu ya Zondiwe inali itangotsitsa matabwa.
Sitinakambirane za mafuta.
Tinawagoneka chammbali pa nsalu za makasitomala,
mutu pa miyendo yanga, utuchi m'tsitsi,
hutala osapuma, maminibasi akutitukwana,
wapolisi anasuzumira kamodzi n'kutikupizira dzanja.

Ku Sentolo funso loyamba linali lomwe lija.
Ndinangotambasula mkono.
Anawerenga choko, anakankha bedi, chitseko chinatsekeka.
Sitiroko, anatero pambuyo pake. Bipi yomwe ankati
mapiritsi ake adzagula akalipidwa za suti.

Diresi lija ndinalimaliza ndekha, mpendero wokhota pang'ono kumbuyo.
Mkwatibwi sanaone, kapena anangondikhululukira.

Lero a Mkwapatira amakhala pampando wanga wakale.
Kulowetsa ulusi pa singano kumawatengera nthawi ya tiyi yonse
ndipo safuna thandizo.
Mawu abwerera, ena akadali m'njira,
koma otukwanira msoko wanga anafika oyamba.

Wometa uja anabwera dzulo, manyazi ali m'thumba,
kudzafunsa: paja munati pakamwa, mkono, ndi chiyani?
Abwana anayankha okha, pang'onopang'ono,
kuluma liwu lililonse ngati akudula ulusi ndi mano:
"Ndi ma-wu. Ukatero... tha-ma-nga."