Khumi ndi Atatu Atsika

Ndimawawerenga pakamwa pa dzenje
monga muja tiwerengera nkhukundembo polowa m'khola.
Lero khumi ndi atatu.
Basi yawo yanyamuka ku Merida kusanache,
mapewa awo akunyezimira mafuta otchinga dzuwa.
Kasambeni kaye, ndikutero,
madzi apansiwa sadziwa sopo, sadziwa mafuta.

Ndine Eulogia Cauich, wa kuno ku Homun.
Dzenjeli sitinalifune, linachita kutipeza.
Chaka cha chilala nkhumba ya bambo anga
inaponda pakati pa munda, nthaka n'kuimeza,
tinkangomva kulira kwake pansi pa mapazi athu.
Achimwene a Nicanor anatsika pa chingwe cha khonje,
anatuluka atanyowa, pakamwa pali gwa,
mpaka madzulo m'pamene anati:
kunsi kwa chimanga chathu chofotachi kuli nyanja.

Makwerero ndi makumi anayi ndi awiri.
Lachisanu ndi chinayi limaterera, gwirani chingwe.
Mizu ya mkuyu ikutsika nafe limodzi,
yowongoka ngati zingwe za belu la tchalitchi;
inayamba ulendowu ine ndisanabadwe
ndipo sinalipirepo peso pachipata.

Mangani zisoti. Weramani apa.
Fungo mukumvali ndi la mileme, eni nyumba.
Onani kudenga mano a mwala,
lililonse ndi dontho lake kunsonga,
tho,
kudikira,
tho.
M'thumba mwangamu muli kachidutswa kotalika ngati chala.
Bambo wina anakayedzamira pojambulitsa, chaka chatha,
kanangoti thyo, iye n'kuseka, n'kupepesa, n'kukwera basi.
Kanayamba kukula tchalitchi cha m'tauni chisanamangidwe.
Ndimakayendetsa m'manja mwa aliyense
kuti zala zikhute, zisakakhudze kudenga.

Pa thanthwe lomaliza ndimati: zimitsani matochi.
Mafoni nawonso. Inunso a malaya achikasu.
Bii.
Mdima wa kuno si wa usiku,
ulibe nyenyezi, ulibe galu wouwa kutali.
Wina akutsokomola kuti adzimve kuti alipo.
Wina wagwira mkono wa munthu wosamudziwa.
Kunsi kwathu nsomba zoyera zopanda maso
zikuyenda ulendo wawo wa masiku onse,
sizikudziwa kuti tazimitsa kanthu.

Mumdimamo kamwana kakufunsa:
madziwa amapita kuti?
Ndikanatha kunena za milungu ya mvula,
alendo amazikonda, amawonjezera ya m'manja.
Koma ndikuti: amayenda pansi pa msewu mwadzerawo,
pansi pa makhola a nkhumba zikwizikwi a kampani ija,
pansi pa manda, pansi pa bwalo la mpira,
n'kukatulukira pa mpopi wa kuhotela kwanu.
Mwatsukira m'kamwa m'mawa uno.
Zii.
Ndikuyatsa tochi msanga.

Kenako chubwi, chubwi, asambira,
dzuwa la masana lalowa pa kaboo ka nkhumba kaja,
laimirira m'madzi ngati mzati,
anamzeze akulizungulira.
Paola limeneli ngakhale ine ndimaiwala kuyang'ana wotchi.

Khumi ndi mmodzi, khumi ndi awiri.
Wotsiriza ndi mayi wa imvi, wa bondo lovuta,
waima pa khwerero lachisanu ndi chinayi
akuyang'ana m'mbuyo ngati wasiyako chinthu.
Mlendo ndi mame, sindimufulumiza.
Khumi ndi atatu. Ndakhoma chipata.

Kunyumba bambo ali m'machira awo, akudzikankha ndi phazi limodzi.
Zaka makumi awiri, sanatsikemo ngakhale kamodzi.
Safunsa kuti abwera angati, safunsa mapeso.
Amati: madzi ali pati lero?
Ndimawaonetsa pa mwendo wanga, pamene panyowa.
Amagwedeza mutu, n'kuyang'ana kumwamba kopanda mtambo,
n'kunena kuti dzenjelo
likadali ndi ngongole yawo ya nkhumba.