Zomera pa Chitsulo

Anakutulutsa m'chipatala mwezi wa Meyi, Eleuterio,
uli ndi msoko woyambira pakhosi kutsikira cha pamimba
ndi valavu yachitsulo yogunda ngati wotchi yapamkono.
Usiku woyamba sindinagone. Ndinkamvetsera.
Ti, ti, ti, pansi pa bulangeti,
kunja sitima zikulira padoko la Valparaíso.

Unaseka kuti tsopano ndiwe mbale wake wa chikepe chako,
chija wakweza nacho anthu paphiri zaka makumi atatu:
nonse awiri zitsulo zodalira girizi.

Masabata asanu unayenda.
Masitepe khumi, mawa lake makumi awiri,
mpaka unakafika kwa Herminia wogulitsa buledi
n'kubwerako wekha, ukupuma pang'onopang'ono, ukunyada.
Kenako ndinayamba kusintha zofunda pakati pa usiku,
zili chonyowa ngati zagwera padoko.
Unati ndi chimfine cha Juni.
Ndinakhulupirira chifukwa ndinkafuna kukhulupirira.
Buledi unkamusiya m'mbale.
Lamba wako tinamuboola kawiri.
Ndine ndinaona timizere tofiira pansi pa zikhadabo zako,
ngati timinga tolowa osabaya.

Yasna, mtsikana wa ku labotale, anatenga magazi katatu,
mkono uno, mkono uwo, unonso,
n'kuwathira m'timabotolo.
Anati tidikire tione ngati amere.
Sindinkadziwa kuti magazi amadzalidwa.

Anamera onse.

Dokotala Ibacache anatsitsa kachingwe kukhosi kwako
kuti akauone mtima chakumbuyo,
nandiitana ndione pa kanema:
kanthu kotuwa, kochepa ngati njere ya mpunga,
kali m'mphepete mwa valavu, pomwe anasokerera,
kakuvina ndi kugunda kulikonse.
"Timazitcha zomera," anatero.
Ine ndinaganiza za ndere za pakhoma la bafa lathu
zimene ndimakwecha Loweruka lililonse.
Izi palibe burashi yofikako.

Ndinafunsa kuti kachilomboko kachokera kuti.
Ndinkafuna dzina.
Wina wosasamba m'manja, mpeni wosawiritsa,
munthu woti ndikamulalatire pakhonde anthu akuona.
Iye anati, pakhungu, mayi.
Mabakiteriya amenewa ali pa aliyense,
sapweteka munthu
mpaka atapeza khomo lotseguka.
Pakhungu la ndani?
Anayang'ana mapepala ake.

Zaka makumi atatu ndi zinayi tagona bedi limodzi.
Ndine ndinkatsuka balalo m'mawa ndi madzulo,
ndi thonje, ndi madzi owiritsa, monga anandiphunzitsira.
Ndinkasamba m'manja, Eleuterio.
Ndikuganiza kuti ndinkasamba.

Tsopano akuti masabata asanu ndi limodzi a dilipi,
usana ndi usiku,
ndipo tangodyako awiri ndi masiku atatu.
Mitsempha ya m'manja mwako yatha, asamukira pakhosi.
Kutentha kwa thupi lako ndimakulemba kuseri kwa tikiti ya basi:
38.4, 37.9, dzulo 37.2,
ndipo tikitiyo ndimaisunga m'thumba la kumanzere
ngati ndalama yomaliza.
Akuti mankhwala akalephera adzatsegulanso msoko womwewo.
Iwe zimenezo suyankha.
Umafunsa ngati mnyamata amene anakulowa m'malo
akuthira mafuta pa gudumu lakumtunda,
lija limalira kukachita chifunga.

Ndadutsako m'mawa uno, ndakwera dala.
Mnyamatayo anali pa foni.
Gudumulo likulirabe, anthu mpaka kutseka makutu.
Ndakuuza kuti ayi, lakhala chete, akulisamala.
Wandiyang'ana nthawi yaitali,
momwe umayang'anira wokwera wopanda tikiti
usanamulole adutse.

Kenako watseka maso.
Namwino wazimitsa nyale yaikulu.
M'chipinda mwatsala madontho a dilipi
ndi iwe, ti, ti, ti,
sizikuyendera limodzi,
china chikuthamanga, china chikudikira,
ine pakati pa mpando wolimba uno
ndikuwerenga zonse ziwiri,
ndikusokoneza, ndikuyambiranso.