Lepu wa m'matumba

Ndimaweruka tambala wa kwa aHamoonga atalira kachitatu,
jasi la ulonda likununkha utsi wa mbaula,
ndipo ndisanagogode kuti Nyuma anditsegulire
ndimayamba ndazungulira kuseri.

Dimba lake ndi la dzina chabe:
matumba a simenti khumi ndi anayi
ondanda pakati pa bafa ndi mpanda.
Eni nyumba anati, "Pansi musakumbe."
Za m'matumba sanatchule.

Lepu, anyezi, matimati asanu,
ndi tsabola mmodzi amene sanaganizebe zobala.
Madzi ake ndi otsukira mbale,
ena ogula chigubu chigubu.

Akuba ndimawadziwa onse.
Apumbwa amabwera awiri, wina kuboola, wina kulondera,
ntchito yanga yomwe,
kungoti iwo malipiro sachedwa.
Mpheta zimagwa ngati mankhusu.
Njiwa imayenda pansi mwaulemu
ngati mayi wofika msanga ku tchalitchi.
Ndinamanga tepi ya kaseti yakale kuti iziwaopseza;
sabata isanathe anali kuterapo.

Ndiye Julaye uja, Lachinayi,
usiku umene pageti tinasonkhezera mpaka makatoni a abwana,
ndinafika mu Ng'ombe kukuyera
n'kupeza matumba anga atawazidwa ufa.
Ndinaugwira.
Unandiluma chala n'kusanduka madzi.
Pamene dzuwa limafika pa thanki ya aneba
matimati anali atada, masamba lende,
ngati wina wawakhuthulira madzi owira.
Lepu yekha anadzisasa n'kudzuka.

Pansi pa paipi panagona kampheta,
timiyendo tofunyika, maso otseka theka.
Wakuba wanga.
Ndinakaika m'chisoti, chisoti m'jasi,
n'kukhala pa njerwa osadziwa chimene ndikudikira.
Nyuma anatuluka ndi tiyi:
"Mwayamba kulondera ndi mbalame zomwe?"
Tiyi asanapole, chisoti chinayamba kukanda pachifuwa,
kenako phururu!
osatsazika.

Ndinabzalanso.
Mbewu ndinagula ku Soweto ndi ndalama ya basi,
masiku atatu ndinapita wapansi.

Novembala, Lamlungu, ndili m'tulo tamasana,
malata anayamba kulira ngati komboni yonse ikutigenda.
Matalala.
Osati aja ongolonjera n'kupita:
awa anagwa mpaka chitseko chinakana kutseguka,
bwalo lonse mbee, ngalande mbee,
minibasi zitaima pamsewu nyali zikuyaka.
Ana anatuluka opanda nsapato, akukuwa, akuvina kuzizira.
Tikambe wanga anadzaza kapu
kuti akaonetse aphunzitsi mawa.
Sindinamuuze kanthu.

Lepu anasanduka sefa.
Nkhwani inanyenyeka, maluwa a matimati ali m'matope.
Ndinawerenga matumba kawiri
ngati kuti lina lingasowe.

Koma mumgwafa, pa mphanda yachiwiri,
pa timitengo tisanu timene njiwa imati ndi chisa,
inali chikhalire,
nthenga zitamatirira, khosi litalowa m'mapewa,
matalala atatsakamira m'mbali mwake.
Ndinayandikira, sinasunthe.
Ndinatsokomola, inangondiyang'ana.
Ine ndimadziwa kukhala pamalo amodzi mpaka kuche,
mvula, mphepo, udzudzu,
pa katundu wa eni.
Iyo inali pa wake.

Madzulo ndinamasula tepi ija.
Thumba la kumapeto, loyandikana ndi paipi,
sindilitchinganso ndi minga.
Nyuma akuti ndikuseweretsa ndiwo,
ndipo mwina akunena zoona.
Tikambe akufufuzabe amene anaba miyala yake
n'kusiya madzi m'kapu.

Tsabola uja, mwa zonsezi, watulutsa duwa limodzi.
Ndaliona ndikumanga nsapato.
Ndikanakhala pang'ono,
koma mnzanga wamasana akudikira makiyi,
ndipo ku Lumumba n'kutali.