Malo Achisanu ndi Chitatu

Ndinkayesa chidzandivute ndi makoma:
kugumula chipinda chomwe ndinakuliramo,
kuika sinki pomwe panali piyano ya amayi,
kukuza zitseko kuti njinga ya wodwala ilowe osakhula chigongono.
Zonsezo zinayenda ngati madzi m'ngalande.
Chinandikola pakhosi ndi bwalo la kuseri.

Kalata ya khonsolo ya Ballarat sinachulutse mawu:
madokotala awiri, malo oimikapo galimoto asanu ndi atatu,
amodzi otambalala, pafupi ndi khomo,
ndipo aliyense azituluka chamutu, osabwerera chammbuyo mumsewu.

Ine ndinaphunzira kuwerenga kugunda kwa mtima.
Za mamita ndinkazidziwira kuti?

Anabwera bambo Tregoning, wojambula mapulani,
tepi m'chiuno, pensulo kukhutu, chimfine chosatha.
Tinayeza m'chisanu cha Julaye, mpweya ukufuka pakamwa.
Garaja igwe: awiri.
Pomwe amayi ankayanika zovala: atatu.
Kapinga wa kutsogolo, maluwa ndi bokosi la makalata: awiri ena.
Anawerenga kawiri, kachitatu analoza ndi chibwano.
Sindinafunse. Ndinali nditauona kale mtengo wa mandimu.

Bambo anaubzala chaka chomwe ndinalephera masamu.
Chisanu chikalusa ankaufunditsa bulangeti lawo lomwe,
iwo n'kugona ndi jekete.
Sunali wokongola. Unapendekera ku mpanda ngati womvetsera miseche.

Ndinayesa njira zonse, ndisaname.
Ndinagogoda kwa mayi Vasilakis, omwe galimoto anaisiya kalekale maso atachita nkhungu;
anati tengani khomo langali, mwana wanga, likungomera udzu.
Khonsolo inati mawu apakamwa sapakidwa penti,
ndipo mwana wawo wa ku Geelong anakana kusaina.
Ndinalemba kuti basi imaima pakona pomwepa,
kuti odwala anga ambiri ndi okalamba oyenda ndi ndodo.
Yankho linadza patatha masabata asanu ndi limodzi,
laulemu, losalala, lofanana ndi loyamba.

Panatsala khomo limodzi: dokotala akhale mmodzi, malo achepe.
Ndiye kuti ndimuimbire Nirmala,
yemwe anasiya kale ntchito ku Melbourne,
ana atawapezera sukulu kuno,
ndimuuze kuti pepani, ndasankha mtengo.
Foni ndinaigwira usiku wonse mpaka inatentha m'manja.

Anadula Lachisanu m'mawa. Mphindi makumi awiri basi.
Ndinali m'kati, ndikunamizira kuwerenga mabokosi a magolovesi.
Fungo linandipeza komweko,
lowawasa, laukhondo, ngati la chipinda chochitira opaleshoni.

Tsopano phula lagona, mizere yoyera ili chilili.
Woyendera wa khonsolo anazungulira kamodzi,
anachonga papepala, anandifunira mafuno abwino,
ndipo ndikhulupirira ankanenadi zochokera pansi pa mtima.

Tinatsegula Lolemba.
Woyamba anabwera wapansi. Wachiwiri pa basi.
Wachitatu anali mayi Vasilakis, atavala zakutchalitchi,
kudzayezetsa magazi omwe sanavute,
n'kutenga mandimu awiri m'dengu la pakauntala,
otsiriza, makwinya ayamba kale.

Koma masana kunalowa galimoto mothamanga, yopindika chitseko,
bambo wachinyamata atanyamula mwana wobanika,
milomo yayamba kuda.
Malo onse anali odzaza kupatula amodzi.
Anaima mopingasa, tayala litaponda mzere,
injini osazimitsa.
Nirmala anamulandira mwanayo pakhomo.

Madzulo, mwana atapita akulira bwinobwino,
ndinatuluka kukakhoma geti.
Pa nambala eyiti panatsala dontho la oyilo
ndi kansapato kamodzi kofiira.
Ndinakatola.
Ndinaima pamenepo kanthawi, pamwamba pa mizu,
osadziwa ngati ndipepese kapena ndinene kuti mwaona, bambo.